Chingwe Pakamwa pa Ng'ombe

1. Tsiku limene Praise anajomba kusukulu

Linali Lachinayi, m'sabata imene madzi a Shire anayamba kubwerera m'malo mwake. Amene anafotokoza nkhaniyi ndi mayi Esinala, aja amagulitsa nsomba zouma za makakana pamsika wa Bangula. Zina anaziona okha, koma zambiri anachita kumva kwa Praise, mwana wa mlongo wawo.

Praise anali mtsikana wa Fomu 2. Makolo ake anamwalira iye akadali wamng'ono, ndiye ankaleredwa ndi azakhali akewo pamodzi ndi mchimwene wake Dennis.

Chaka chimenecho madzi anakokolola chimanga chonse cha kudimba. Pakhomo ankadya kamodzi, masiku ena phala lokha. Anthu ambiri anayamba kupita kudambo kukazula nyika, timbatata takuda tija timakhala m'matope pansi pa maluwa a m'madzi. Koma mayi Esinala analetseratu.

"Praise, undimve bwino," anatero iwo. "Kudambo kuja sindikufuna kumva kuti wapondako phazi. Nyika ndimaidziwa, ndinakulira yomweyo. Koma madzi akasefukira chonchi ng'ona zimachoka mumtsinje n'kudzagona m'mabango momwe muja anthu akuzulamo. Mayi wa kuseri kwa tchalitchi uja anapita ndi miyendo iwiri, lero akuyendera ndodo. Njala tipirira. Ine ndikagulitsa nsomba tizidya zomwe zapezeka. Iwe ntchito yako ndi sukulu. Ndikadzangomva kuti wajomba n'kupita kumadzi, ndidzakutumiza kwa abale athu ku Nsanje, ukakhale komweko."

"Ndamva, azakhali," anayankha Praise.

Koma m'mawa wa Lachinayi lija m'nyumba munalibe ngakhale ufa wa phala. Dennis atangonyamuka ndi azakhali pa njinga yake ya kabaza kupita kumsika, Praise anavala yunifolomu, anatuluka ngati wopita kusukulu. Atafika kuseri kwa chulu anavula, anavala chitenje, anatenga beseni lomwe anabisa dzulo lake, n'kulowera kudambo.

2. Zimene anaona kudambo

Madzi anali olekeza m'chiuno. Praise ankafufuza nyika ndi zala za kuphazi, akaipeza n'kuwerama kuizula. Beseni litatsala pang'ono kufika pakati, anamva munthu akukuwa chapatali.

Anali a Fernando, bambo wowolotsa anthu pa bwato. Kwawo kunali tsidya la Mozambiki, koma anakhala pa doko lija zaka zambiri, ndipo m'mudzimo munalibe munthu amene sanakwerepo bwato lawo.

Pafupi ndi bwatolo panali ng'ombe yaing'ono yofiira, ya banga loyera pamphumi. Inali itakodwa mu namasupuni, zomera zoyandama zija, madzi akuikoka. Chimene chinkaoneka ndi mphuno ndi maso basi.

Ng'ombe ikatopa m'madzi, chimene chimayamba kumira ndi mutu. Anthu a mabwato amadziwa zimenezi. A Fernando anatenga chingwe, anaimanga nacho pakamwa, anakokera mutuwo m'mwamba n'kuutsamiritsa m'mphepete mwa bwato. Chingwecho anachiponda ndi phazi, manja akupalasa nkhafi. Bwato linkapendekeka ngati ligudubuka, koma pang'ono ndi pang'ono anafika nayo kumtunda.

Ng'ombeyo inagwa ndi maondo, miyendo ikunjenjemera. Apo mpamene a Fernando anamuona Praise.

"Iwe, mwana wa a Esinala! Ukutani m'madzimo? Tuluka msanga, dzulo ndaona ng'ona pomwepo."

Praise anatuluka akuthamanga, beseni lili pamutu.

"Chonde musakawauze azakhali," anatero. "Akudziwa kuti ndili kusukulu."

A Fernando anayang'ana m'besenimo n'kuseka.

"Sukulu yake ndi imeneyi? Aphunzitsi ake ndi achule? Nkhabe, ayi, ine sindinena. Koma usabwerenso. Nanga ng'ombe iyi mwini wake ukumudziwa?"

"Ikukhala ngati ya a Feston."

"Ndiye ndiwapititsira. Ipume kaye, yamwa madzi ambiri."

Praise anawasiya atakhala pa udzu, akuisisita ng'ombeyo pakhosi. Chingwe chija chinali chikadali pakamwa.

3. Wenzulo ya Dennis

Dennis sanali mnyamata woipa mtima. Bambo awo anawasiyira ng'ombe ziwiri za pangolo, ndipo iye ndi amene ankaziyendetsa. Chaka chapitacho akuba anabwera, anazimanga pakamwa kuti zisalire, n'kuzitulutsa m'khola anthu ali m'tulo. M'mawa anangopeza zidutswa za chingwe pansi. Ng'ombezo sizinapezekenso.

Kuyambira pamenepo Dennis anayamba kabaza, ndipo analowa m'gulu la achitetezo a m'mudzi. Wenzulo sinkachoka m'khosi mwake.

Lachinayi lija a Feston, bambo wachikulire wa ng'ombe zochepa, anali atayenda kale m'makomo kunena kuti yawo imodzi yasowa. Sanadziwe kuti inatsetsereka pagombe pokamwa madzi. Aliyense amene anamva anangoti, "Akuba ayambanso."

Dennis akubwerera kuchokera kumsika, anakumana ndi a Fernando pa kanjira ka m'minda kochokera kudambo. Anaona ng'ombe yofiira. Anaona chingwe pakamwa. Sanafunse kanthu, anangoimba wenzulo.

Nthawi imeneyo Praise anali atafika kale kunyumba. Beseni la nyika analibisa m'khitchini kuseri kwa nkhuni, anasamba miyendo, anavalanso yunifolomu kuti aoneke ngati waweruka msanga. Atamva wenzulo ndi anthu akuthamanga, nayenso anatsatira.

4. Pansi pa msangu

Anthu anali atadzaza pansi pa mtengo wa msangu, pamphambano. A Fernando anali atawakhazika pansi, malaya atang'ambika. Ng'ombe ija inaima pambali, mutu uli pansi.

"Taonani chingwecho!" ankakuwa Dennis. "Munthu wabwino amamanga ng'ombe pakamwa?"

"Amafuna isalire ameneyo!"

"Tsiku lonse kutiwolotsa, kwinaku n'kumawerenga makola athu!"

"Nkhabe, abale anga, nkhabe!" anatero a Fernando. "Ndaivuula m'madzi. Taigwirani muone, ikadali yonyowa."

"Eya, yonyowa! Umafuna kuwoloka nayo kwanu, yakukanika!"

A Feston anafika akupuma movutikira. Anaiyang'ana ng'ombeyo, anaigwira pamphumi.

"Ndi yangadi," anatero. "Koma anthuni, tiyeni timumve kaye. Wakuba angayende nayo masanasana kulowera kumudzi?"

"Timve chiyani, a Feston? Mukufuna akuimbireni nyimbo?" anatero mayi wina, anthu n'kuseka.

"Tipite naye kupolisi," anateronso a Feston.

"Kupolisi? Mawa lomweli mudzamupeza akumwa tiyi pa Bangula!"

Praise anali ataima kumbuyo kwa gulu la amayi. A Fernando ankayang'ana uku ndi uku, ndipo maso awo anafika pa iye. Anamuyang'ana, kenako anayang'ana kumbali. Sananene kanthu.

Mnyamata wina anawamenya ndi ndodo pamsana. Wina anaponya dothi. Apo mpamene a Fernando anakweza dzanja n'kuloza.

"Mwana uyo anandiona. Pepa mwananga, ndinalonjeza, koma nena. Uwauze zimene unaona."

Anthu onse anatembenuka. Amayi aja anapatuka, Praise anatsala poyera.

"Praise?" anatero Dennis. "Uyu ndi mlongo wanga, anali kusukulu. Simukuona yunifolomu? Praise, unali kuti m'mawa uno?"

Praise anayang'ana mchimwene wake. Anayang'ana ndodo zimene zinali m'manja mwa anthu. Anakumbukira za ku Nsanje. 

"Ndinali kusukulu," anatero motsitsa mawu.

"Kweza mawu, anthu amve!"

"Ndinali kusukulu."

"Mwamva nokha!" anakuwa Dennis. "Wakuba, wabodzanso. Mpaka kunamizira mwana!"

Zimene zinatsatira zinachitika mofulumira. A Fernando anatchinga mutu ndi mkono wamanja, ndipo chibonga cha Dennis chinagwera pomwepo. Praise anamva kulira kwa fupa. Anyamata ena anathamangira kudoko ndi nkhwangwa kukaswa bwato.

A Feston ndi amene anaimbira foni apolisi. Galimoto itatulukira, anthu anabalalika ngati sanali pomwepo. Apolisi anawanyamula a Fernando, mkono uli lende.

"Tikupita nawo kuchipatala," anatero wapolisi wamkulu kwa ochepa amene anatsala. "Akachira akayankha mlandu wa ng'ombeyi kukhoti. Amene waona kanthu, kaya za ng'ombe kaya za kumenyaku, abwere adzatiuze. Kumenya munthu ndi mlandunso, musaiwale."

 A Feston anamasula chingwe pakamwa pa ng'ombe yawo, anachitaya pansi, n'kumapita osatsanzika munthu.

5. Mawu a azakhali

Mayi Esinala anabwerako dzuwa litapendeka, dengu lili pamutu. Nkhani anali ataimva kale m'njira. Anapeza Dennis akupukuta njinga pabwalo.

"Azakhali, lero tamugwira mmodzi," anatero Dennis.

Mayi Esinala anatula dengu lija. Analowa m'khitchini kuti asonkhe moto, ndipo posuntha nkhuni anaona beseni. Nyika yake inali ikadali ndi matope aawisi. Anatuluka nalo n'kuliika pakati pa bwalo.

"Praise, tabwera kuno. Izi zachokera kusukulu?"

Praise anagwada pansi n'kuyamba kulira. Anafotokoza zonse: za kuchulu, za namasupuni, za mutu wa ng'ombe m'mphepete mwa bwato, za lonjezo la a Fernando. Dennis anasiya kupukuta. Nsanza inagwa m'manja mwake.

Mayi Esinala anakhala pa mpando.

"Za nyika tizikamba tsiku lina," anatero iwo. "Tandiuza, kusukulu kwanuko amakuphunzitsani chiyani za munthu amene akuganiziridwa mlandu?"

Praise anapukuta misozi. "Amati malamulo aakulu a dziko amanena kuti munthu ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa. Ali ndi ufulu woti amvedwe. Palibe ayenera kumuzunza."

"Ndiye umadziwa."

"Ndimadziwa, azakhali. Tinalemba pa mayeso."

"Khalani pansi nonse awiri, ndikuuzeni kumene mawu amenewo anachokera. Agogo anu a Andrea, bambo anga, simunawaone. Nthawi ya chipani chimodzi, ine ndili mtsikana ngati iweyo, munthu wina amene ankakangana nawo malire a munda anakanena kuti atukwana chipani. Kunabwera anyamata, anawakweza galimoto. Sanawafunse funso ngakhale limodzi. Khoti sanalione. Anabwerako patapita zaka, mano atatha m'kamwa, akuopa ngakhale kulira kwa njinga yamoto. Chimene chimandiwawa mpaka lero si anyamata aja ayi. Ndi anthu a m'mudzi amene ankadziwa kuti ndi bodza. Analipo ambiri. Anaima pomwepo, anangoti zii, aliyense akuopa za pakhomo pake.

"Titavota kuti zinthu zisinthe, kunalembedwa malamulo atsopano. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ndinamva pa wailesi akuwamasulira m'Chichewa, ndipo ndinalira. Ndinati basi, m'dziko muno munthu sadzatengedwanso osamvedwa. Sindinkadziwa kuti boma likasiya, tidzayamba ndife tokha pansi pa mtengo.

"Malamulo amenewo sanena kuti ufulu ndi wa anthu abwino okha. Sanena kuti ndi wa obadwira tsidya lino okha. Amati munthu aliyense. Ngakhale a Fernando akanakhala kuti abadi, mkono wawo sunali wanu kuti muuthyole. Mukanawagwira, n'kupita nawo kupolisi, khoti likanafunsa mafunso: munaitenga kuti, munkapita nayo kuti, anakuonani ndani. Khoti limachedwa, inde. Nthawi zina limatikhumudwitsa. Koma likalakwitsa pamakhala pokadandaula. Nanga chibonga chikalakwitsa, munthu akadandaule kuti?"

"Azakhali, ine ndinaona chingwe," anatero Dennis. "Aliyense akanaona chingwe chija akanaganiza chimodzimodzi. Mwaiwala ng'ombe za bambo?"

"Sindinaiwale. Ndinalira nawe limodzi. Kuganiza sikulakwa, mwana wa mlongo wanga. Kuimba wenzulo sikulakwa. Koma iwe unakulira pa mtsinje uno. Ukanangofunsa kuti chingwechi n'chachiyani, ukanakumbuka mmene anthu a mabwato amavuulira ng'ombe. Funso limodzi lokha. Sunafunse chifukwa unali utaweruza kale. Ndipo amene anaba ng'ombe za bambo ako lero akudya bwinobwino kwawo, pamene munthu amene anavuula ya a Feston wagona kuchipatala."

Kenako anatembenukira kwa Praise.

"Iwe sunagwire ndodo. Koma bambo aja anapempha chinthu chimodzi, kuti amvedwe, ndipo mawu amene akanawapulumutsa anali m'kamwa mwako. Ufulu umene munalemba pa mayesowo suyenda wokha, mwananga. Umadikira munthu woti atsegule pakamwa pamene ena onse akukuwa."

6. Njira ya ku Bangula

Praise anaimirira. "Ndipita kupolisi ndikanene."

Dennis anamugwira mkono.

"Praise, taganiza kaye. Ukakanena kuti bambo aja sanabe, amangidwa ndine. Anthu onse anaona kuti chibonga chinali changa. Enawo akana, anena kuti anali kumunda. Azakhali aziwapititsa ndani kumsika? Mudya chiyani? Ine ndine mchimwene wako. Tsiku lija unadwala malungo, anakuberekera kuchipatala ndani?"

"Ndinu, achimwene."

"Ndiye ungokhala chete. Mkono uchira. Mwina kukhoti akawamasula okha."

"Achimwene, a Fernando atandiyang'ana koyamba, sananene kanthu. Anadikira mpaka atamenyedwa. Ankasunga lonjezo la nyika."

Dennis anamusiya mkono. Anayang'ana azakhali ake ngati akupempha kuti amuthandize.

"Ine sindikakamiza munthu," anatero mayi Esinala. "Praise, udziwe zonse ziwiri. Ukakhala chete, a Fernando achoka kuchipatala ndi dzina la wakuba, ndipo mwina akalowa kundende. Mboni ina palibe. Ukayankhula, mchimwene wako akayankha mlandu, ndipo anthu a m'mudzi muno ena asiya kutipatsa moni. Mkono uja ngakhale utanena zoona lero sulumikizika, bwato lija silibwerera. Zimenezo zachitika kale. Chatsala ndi dzina la munthu. Ndipo iwe Dennis, malamulo amene unawaponda masana ano ndi omwewo adzakuteteze. Iwe adzakufunsa. Adzakumva. Palibe adzakukhazike pansi pa msangu."

Praise anatembenukira kwa Dennis. Misozi inali itasiya.

"Ndipitabe," anatero. "Pepani, achimwene."

Dennis anatembenuka. Anakhala pa khonde, mutu uli m'manja.

Praise analowa m'nyumba kukasintha zovala. Mayi Esinala anamutsatira kuti akatenge chiphaso chawo ndi nsalu yofunda. Ankaganiza kuti Dennis awakweza pa njinga mmodzimmodzi mpaka pamsewu, mwinanso alimba mtima n'kulowa nawo limodzi kupolisi.

Atatuluka, pabwalo panalibe njinga. Dennis panalibenso.

Anafunsa mayi woyandikana nawo nyumba, amene ankapeta mapira pakhomo pake.

"Wadutsa pompano akupalasa mwamphamvu," anatero mayiyo. "Ndamupatsa moni sanayankhe."

"Walowera kuti?"

"Mpaka pamphambano ndamuona. Kupitirira apo, kaya."

Pamphambano paja pali njira ziwiri. Ina imapita ku Bangula, kumene kuli polisi. Ina imatsikira kumtsinje, kumene munthu akapeza bwato amagona tsidya lina.

"Mtima wanga unafuna kuthamangira kumtsinje," anatero mayi Esinala pofotokoza. "Ndi mwana wa mlongo wanga, ndinamulera ndi manja angawa. Koma nditayang'ana Praise, ndinaona kuti ndikangokhota, mwanayu sadzayankhulanso. Ndiye ndinakhoma chitseko, ndinamanga chitenje, ndinamuuza kuti atsogole. Tinauyamba wapansi wa ku Bangula, ine ndikuyang'ana mumchenga ngati ndingaone matayala a njinga."